Ndisamutsire makina kumsika kapena ndipirire pakhomo pompano?

Make Tadala, Kasungu

Moni nonse amene mumadyera singano ndi ulusi. Nkhaniyi yandisowetsa tulo kwa milungu iwiri, ndiye lero ndati ndiitule pano kuti amene munayamba kale ntchitoyi mundiunikire.

Ndimakhala ku Chankhanga, kuno ku Kasungu, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi balaza. Makina anga ndi a Butterfly, opalasa ndi miyendo aja. Ndinawagula mu 2020 kwa mayi wina amene ankasamukira ku Mzuzu, ndalama yake ndinakongola kubanki mkhonde. Chaka chimenecho aliyense ankafuna masiki chifukwa cha Covid-19, moti ngongoleyo ndinabweza isanakwane miyezi itatu. Chiyambire pamenepo ndimasokera pabalaza pompo: madiresi a zitenje, mayunifolomu a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a Chigwirizano, komanso kubweza zovala za pakaunjika zikamukulira munthu. Ana ndili nawo atatu. Tadala ali Sitandade 6, mlongo wake ali Sitandade 2, wotsiriza ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Bambo awo amagwira ntchito kuesiteti ya fodya kutali ndi tauni, amabwera Loweruka madzulo n'kubwerera Lolemba m'bandakucha.

Chimene chandibweretsa ndi ichi. Aphunzitsi ena anandipatsa nsalu ya chinkhoswe cha mng'ono wawo, yogula ku Lilongwe, yofanana ndi imene abale onse anagwirizana kuti avale tsikulo. Ndinawayesa, ndinadula bwinobwino, zidutswa n'kuziyala pamphasa. Ndinangotuluka pang'ono kukathira madzi mu nyemba zimene zinali pambaula. Pobwerera ndinapeza mwana wakhala pakati pa nsaluyo, sizasi yanga yaikulu ili m'manja, chidutswa cha pachifuwa atachidula malo atatu. Nsaluyo inandiwawa, koma chimene chimandinjenjemeretsa mpaka lero ndi sizasiyo. Nanga akanagwa nayo? Nanga akanailozetsa kumaso?

Nsalu ya mtundu umenewo kuno sindinaipeze. Ndinasiya ana kwa aneba n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, tsiku lonse kulowa sitolo iyi, kutuluka, kulowa iyo ku Area 2, mpaka ndinaipeza dzuwa litapendeka. Thiransipoti ndi nsaluyo zinadya ndalama yoposa imene ndinalandira pa diresilo. Aphunzitsiwo ndinawauza zoona zokhazokha, sanakalipe, koma kaya adzabweranso.

Si zokhazi ayi. Chifukwa ndimasokera pakhomo, anthu saona ngati ndili pantchito. Wina amagogoda 6 koloko m'mawa ndikusambitsa ana, wina amafika nsima ili pamoto, wina amabwera kudzangocheza n'kukhala mpaka masana. Aneba ndi achibale ndiye mawu awo ndi amodzi: "Mungondigwirirako pang'ono apa, pasosoka." Kapang'onoko kamadya ulusi wanga ndi ola langa, koma ndikatchula ndalama amandiyang'ana ngati ndawatukwana. Dzulo ndinawerenga m'buku, anthu 14 anatenga zovala osamaliza kulipira, ndipo atatu mwa iwo ndi akuchimuna. Imene yalowayo nayonso siichedwa m'manja. Kasitomala akangopereka, wa tomato akudutsa, makala atha, mwana akufuna kope. Pofika poti ndigule zipi ndi layining'i ndimapeza m'thumba muli mbee.

Tsopano pali bambo wina wa sitolo pafupi ndi msika amene wandiuza kuti ndingathe kuika makina pakhonde pake, ndizilipira pamwezi, usiku makinawo azigona m'sitolo. Mtima wanga wakopeka. Bambo a ana akukana, akuti nanga wamng'onoyu atsala ndi yani. Apongozi akuti atitumizira mtsikana wa kumudzi adzandilerere mwana, koma mtsikanayo ali Sitandade 5, ndipo mtima wanga sukundilola.

Inu amene munadutsamo, ndichite chiyani? Kukhonde kuli phindu lenileni, kapena ndikungothawa mavuto amene adzanditsatire komweko?

Nachisale, Kamwendo, Mchinji

Make Tadala, mwana wanga, pepani kwambiri, ndipo tithokoze Mulungu kuti mwanayo sanavulale. Ine ndinayamba kusoka mwana wanga woyamba ali kumsana, lero ndikusokera adzukulu mayunifolomu, ndipo zaka zonsezi makina anga sanatulukepo pakhomo pano. Ndiye ndikuuzani zimene ndaona ndi maso anga.

Ndiyambe ndi sizasi, chifukwa zinazi ndi ndalama chabe. Pezani kabokosi ka matabwa kokhoma ndi loko. Malezala, mapini, singano, choko, zonse zizikhala mmenemo. Sizasi isamagone pamphasa ngakhale mukupita pakhomo pompo. Mukadzuka inu, nayonso idzuke, ilowe m'thumba la epuloni. Mukachoka pamakina gwetsani lamba kuti mwana akaponda chopondera singano isayende, komanso chopondera chomwecho chimangeni ndi kansalu, chifukwa wilo la pansi lija limazungulirabe ndipo limapana tizala. Ine ndinachotsa maginito pa sipika ya wailesi yakufa, madzulo aliwonse ndimayendetsa pansi ponse. Mudzadabwa mapini amene amatola pamalo amene mumati mwasesa.

Chinanso chimene ndinachiphunzira mochedwa: kusoka kumalola kudukiza, kudula sikulola. Msoko mungathe kuusiya pakati, kukaphula mphika, n'kudzapitiriza. Ukalakwika mumaphwasula. Koma nsalu ikadulidwa yadulidwa. Choncho ine ndinkadula m'bandakucha ana asanadzuke, kapena usiku atagona, zidutswa n'kuzipinda, kuzimanga pamodzi ndi kapepala ka dzina la mwini wake, n'kuziika pamwamba. Masana inali ntchito yopalasa basi. Ndipo chitenje chatsopano muzimuuza mwini wake achichape kaye musanadule, chifukwa zambiri zikalowa m'madzi zimabwerera, ndiye amadzati telala wandichepetsera diresi.

Tsopano za ngongole. Apa ndilankhula mosapsatira: anthu 14 amenewo munawaphunzitsa ndinu. Nanenso ndinali wotero, ndinkachita manyazi kutchula mtengo kwa munthu amene timatunga naye pamjigo umodzi. Chinandisintha n'chaka china pamene mwana wanga anabwezedwa kusukulu ya sekondale chifukwa cha fizi, pamene m'mudzi muno anthu akupita kutchalitchi atatchena zovala zimene ndinasoka ine, osandilipira. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi ili: theka la ndalama nsalu isanadulidwe, theka linalo chovala chisanatuluke pakhomo. Akati ndibwera nayo mawa, ndimati chovala chanu chikudikirani, sichithawa. Ndimanena ndikumwetulira, koma sindipereka. Miyezi iwiri yoyamba ena anandinena kuti ndayamba kunyada. Omwewo ndi amene akubwerabe mpaka lero.

Achibale ndi ovuta, ndikudziwa. Chibale ndi fupa, sichiola, koma kusitolo sagulitsa ulusi ndi chibale. Ine amayi anga ndi apongozi anga ndinkawasokera ulere kamodzi pachaka, nthawi ya Khirisimasi, ndipo ndinkachita kulengeza kuti iyi ndi mphatso. Alamu, azilongo ndi ana awo amalipira, kungoti ndimawachotserako pang'ono. Kwa akuchimuna musakayambe ndinu kulankhula. Auzeni bambo a Tadala Loweruka akabwera, awonetseni bukulo, iwo ndiwo akalankhule ndi abale awo.

Ndalama muziigawa m'zitini ziwiri tsiku lomwelo yalowa. China cha makina: ulusi, zipi, singano, mafuta, makala a nsimbi. China cha pakhomo. Cha makinacho musachitsegule chifukwa cha ndiwo, ngakhale tsiku limenelo mudyere chisoso.

Ndipo muziwerenga nyengo. Kuno ndalama zimayamba kuoneka anthu akagulitsa soya ndi mtedza, kwanuko ndi fodya. Kuyambira pamenepo maukwati ndi zinkhoswe zimangotsatizana mpaka mvula itayandikira, Ogasiti ndi Sepitembala ndi mayunifolomu poti chaka cha sukulu chikuyamba, Disembala ndi zovala za Khirisimasi. Januwale ndi Febuluwale makina amazizira, aliyense maso ali pa fetereza ndi chimanga. Ine ndimagula nsalu ya yunifolomu mu Juni kapena Julayi ndalama zikadalipo, n'kusokeratu masaizi osiyanasiyana, mpendero ndimasiya waukulu kuti mwana akatalika mayi ake angomasula. Makolo amakonda chogula n'kunyamula nthawi yomweyo.

Za khondelo, ine ndikuti dikirani mwanayo akulepo. Kumsika kuli njinga zamoto, ngolo ndi magalimoto. Mwana wa zaka ziwiri amene wakuzembani pabalaza, pamsewu mudzamugwira bwanji maso ali pa singano?

Telala wa pa Santhe

Mayi, zimene anena amayi a ku Kamwendo za dipoziti ndi zoona, sindichotsapo kanthu. Koma za khonde ndiloleni ndinene mbali inayo, chifukwa ine ndakhala pakhonde la sitolo pano pa Santhe, m'mbali mwa msewu wa M18, kwa zaka 11.

Pakhomo amakudziwani ndi okhawo amene akudziwani kale. Pakhonde makina amadziitanira okha anthu. Munthu wagula thalauzi pakaunjika, lamukulira m'chiuno, safuna kufunsa njira ya kwanu, akufuna telala amene akumuona pompo. Ntchito zing'onozing'ono zimenezo, kubweza, kupinda miyendo, kusintha zipi, kuika chigamba, ndizo zimandidyetsa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amapempha ngongole chifukwa sitidziwana. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, ndalama zikayamba kuyenda m'midzi, ndimaweruka mdima utagwa. Matenanti akalandira zawo kumapeto kwa nyengo ndiye amabwera banja lonse, bambo, mayi ndi ana, aliyense ndi nsalu yake.

Kuipa kwake nakonso ndikuuzani. Lendi sidziwa Febuluwale. Mwini sitolo amafuna yake ngakhale mwezi wonse mwasoka zigamba zitatu. Fumbi la Okutobala limalowa m'makina ndi m'nsalu zoyera za anthu, mphepo ya Juni imaumitsa zala, mvula ikabwera chammbali mumathamangitsa katundu. Kukagwa maliro kumudzi masiku atatu apita, lendi ikuwerengabe. Ndipo ine ndimakwanitsa chifukwa mayi a kunyumba ndiwo amatsala ndi ana. Ndikanakhala ndine wolera, sindikanatha. Izi ndikuvomera poyera.

Musanayankhe bambo wa sitoloyo, tengani buku lanu muwerenge miyezi 12 yapitayi, mwezi ndi mwezi. Funso ndi lakuti mwezi woipitsitsa uja, mukanalipira lendi n'kutsala ndi kanthu? Ngati yankho ndi ayi, musapite kaye.

Pali njira ina imene mlongo wanga amachita. Makina amasiya kunyumba. Tsiku limene msika umadzaza amapita ndi tepi, buku ndi zovala zitatu zimene anasoka bwino kwambiri, n'kuzipachika pafupi ndi mayi wina wogulitsa zitenje. Wogula chitenje akafunsa telala, ali pompo. Amamuyesa, amalandira dipoziti, sabata yotsatira amabweretsa chovala. Wa zitenjeyo amamusokera chovala chimodzi mwa apo ndi apo, basi. Tsiku limodzi pasabata kupeza wokusungirani mwana n'kosavuta kusiyana ndi masiku asanu ndi limodzi.

Pomaliza, Butterfly ameneyo musamaleni, ndi makina opirira. Mafuta ake akhale a makina enieni, osati ophikira, chifukwa ophikira amauma n'kumata zitsulo. Muzitsegula pansi pa mano okoka nsalu aja n'kuchotsa thonje limene limaunjikana. Chitenje singano ya nambala 14 imakwana, jinzi ikufuna 16 kapena 18. Akayamba kulumpha msoko, musanaitane wokonza yambani mwasintha singano, kawirikawiri imakhala yapindika kapena yabuntha.

Nabanda, Mchinji Boma

Achemwali, ine ndine wamng'ono pa ntchitoyi, ndili ndi zaka zinayi chiphunzirireni kusoka kudzera ku TEVETA, ndipo ndili ndi mwana mmodzi wa zaka zitatu. Khonde langa ndi foni. Chovala chilichonse ndikamaliza ndimachisita, kuchipachika pakhoma loyera panja pamene pali kuwala, kuchijambula n'kuika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwini wake akavala ndimamupempha kaye ndisanaike chithunzi chake. Maoda anga ambiri amachokera kumeneko, anamwino, aphunzitsi, ngakhale ena a ku Chipata amene amadutsa pa Mwami kudzagula zinthu kuno. Dipoziti amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ubwino wake ndi wakuti wa tomato akamadutsa, ndalama ya mufoni siituluka msanga ngati ya m'thumba.

Chimene ndikufuna ndikufunseni ndi mtengo. Munaukweza liti komaliza? Ndalama yathu itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, zipi, layining'i, lasitiki, zonse zinakwera, poti zambiri zimachokera kunja. Ine ndinakhala miyezi ingapo ndikusoka pamtengo wakale kuopa kuthawitsa anthu, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi n'kulemba chilichonse chimene chimalowa mu diresi limodzi, ndi makala a nsimbi omwe. Ndinapeza kuti ntchito ya tsiku lathunthu ndikuigulitsa pamtengo wosakwana ndiwo za tsikulo. Mwina vuto lanu si malo, mwina mukusoka motchipa kwambiri. Lembani mitengo papepala lalikulu, mulimate pakhoma pamene aliyense wolowa aliona, ndi kuika batani komwe kukhale ndi mtengo wake. Pepala silichita manyazi. Pansi pake mulembenso nthawi imene mumalandira anthu. Ine ndinalemba 9 koloko mpaka 12 koloko, kenako 2 koloko mpaka 5 koloko, Lamulungu ayi.

Pa za achibale ndisiyana pang'ono ndi amayi a ku Kamwendo. Kuwachotserako mtengo ine kunandivuta, chifukwa aliyense amasanduka wachibale, ndi mnzake wa alamu yemwe. Panopa mtengo ndi umodzi kwa onse. Ndikafuna kuthandiza m'bale wanga ndimamupatsa china, sopo kapena shuga, koma za makina zimakhala za makina.

Musathamangirenso makina a magetsi. Ine ndinagula ovaloko yakale, imathandizadi kuti m'kati mwa chovala muzioneka mwaukhondo, koma magetsi akazima imangokhala chete, amene amandipulumutsa ndi opalasa omwewa.

Za mwana, ine ndi mnzanga woyandikana naye nyumba amene amakazinga mandasi timasinthana. Iye amakazinga m'mamawa, ana onse awiri ali kwa ine. Akabwera kogulitsa amawatenga, ine n'kukhala pamakina maola atatu opanda wondikoka chitenje. Maola atatu amenewo ndimasoka zambiri kuposa tsiku lonse limene mwana ali pamiyendo.

Mayi wa ku Nkhamenya

Ine si telala, koma ndawerenga za mtsikana wa Sitandade 5 uja ndipo ndalephera kudutsa osanenapo kanthu. Mtsikana ameneyo ndinali ine. Ananditenga kumudzi ndili ndi zaka 12 kuti ndikalere mwana wa azakhali m'tauni. Anawalonjeza amayi anga kuti ndizikapita kusukulu. Teremu yoyamba ndinapitadi, yachiwiri mwana anadwala, yachitatu kunabadwa wina. Sukulu inathera pomwepo. Azakhali sanali munthu woipa, sanandimenyepo, ankangofuna thandizo ngati mmene inu mukulifunira. Lero ndili ndi ana anga, akandibweretsera homuweki ya Sitandade 7 ndimangoyang'ana.

Make Tadala, mtima wanu ukukuuzani zoona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mukufuna wolera, pezani munthu wamkulu, mugwirizane malipiro. Ndipo Tadala nayenso mumuyang'anire, asamajombe kusukulu chifukwa choti oda yakuthinani.

Make Tadala, Kasungu

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo konse. Mayi a ku Nkhamenya, mawu anu ndinawawerengera bambo a ana Loweruka usiku. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akawauza okha amayi awo kuti mtsikanayo asabwere. Za Tadala mwandilasa, chifukwa teremu yathayi anajomba kawiri, ndinali nditamusiyira mng'ono wake kuti ndimalize mabulauzi. Sizichitikanso.

Ndinawerenga bukulo monga munanenera bambo a ku Santhe. Febuluwale wathayu imene inalowa sikanakwana ndi lendi ya khondelo yomwe. Choncho bambo wa sitoloyo ndamuuza kuti pakadali pano ayi. Njira ya mlongo wanu ija ndiyo ndikufuna kuyesa, pali mayi wina wa zitenje mumsika amene timapemphera limodzi, ndakamba naye ndipo wavomera kuti tiyambe Loweruka likubwerali, poti tsiku limenelo ana aakulu sapita kusukulu ndipo aneba anga avomera kumawaonera onse atatu mpaka masana.

Kabokosi kokhoma ndapeza, lamba ndikugwetsa, maginito sindinapeze. Pepala la mitengo ndinamata Lolemba. Achemwali a ku Mchinji munanena zoona, nditalemba zonse ndinapeza kuti pa siketi ya yunifolomu ndimatsala ndi ndalama yosagula ndi mulu wa makala womwe. Ndakweza, ndipo mayi mmodzi anabwerera ndi nsalu yake. Zinandiwawa, koma sindinamuitane.

Mwa anthu 14 aja ndayendera asanu ndi anayi. Asanu alipira, awiri andiuza kuti kumapeto kwa mwezi, awiri akuti anaiwala kuti panatsala ndalama. Akuchimuna aja bambo analankhula nawo. Mmodzi watumiza theka, koma alamu anga aakazi chiyambire tsikulo sakuyankha moni wanga pafoni. Izi ndiye zikundilemera, chifukwa ndi munthu amene anandigonera kuchipatala pamene ndinkachira wamng'onoyu. Ndikuganiza zopita ndekha ndikakhale nawo pansi, osati za ndalamayo, koma kuti asaone ngati ndawataya.

Amayi a ku Kamwendo, ndikufuna kuyamba kusokeratu mayunifolomu monga mumachitira, koma mpamba wanga ndi wochepa, sindingagule mpukutu wathunthu. Poyamba munkagula mamita angati? Ndipo masaizi amene amatha msanga ndi ati, a ana a Sitandade 1 ndi 2 kapena a makalasi akuluakulu? Sukulu zimene zili pafupi nane ndi ziwiri ndipo mitundu ya nsalu zake ndi yosiyana, ndiye ndikuopa kugula yambiri ya sukulu imodzi n'kutsala nayo m'nyumba.